Tsiku Limene Che Bwanali Anagwira Mwendo wa Mzungu

Ine sukulu ndinalekeza panjira, ku Msumba konkuno, chifukwa mphunzitsi ankati ndimalankhula ngati ndikuitana bwato lili pakati pa nyanja. Ndiye wofuna Chinyanja chosalala apite kwa apulofesolo ku Metangula akamusalazire. Ine ndikulemba ndi dzanja limene linagwira mashini obowola mwala zaka zambirimbiri, ndipo zilembo zikapindika, zipindike. Mawu anga ndi aakulu chibadwire. Ku Joni ankanditchula Wailesi, ndipo dzinalo sindinalikane.

Chandilembetsa ndi mkwiyo. Masiku ano umamva munthu wa ndevu zake, wogwira ntchito m'nyumba zogona alendo zija, akuti, "Patarau, bwana wanga, wandiitana mawa ku ofesi, ndipita ndi amalume akandipepesere." Amalume! Ukamuuza kuti, iwe, lamulo likukulola kupita ndi munthu wa sindikato, bungwe la antchito, akuseka. "Aaa, madala, zimenezo n'za ku Maputo." Zitsiru. Ndipo ndikamati zitsiru ndikudziwa chimene ndikunena, chifukwa uchitsiru umenewu ine ndinaudya mpaka kukhuta, mnzanga n'kuchotsedwa nawo ntchito ine ndikugwedeza mutu kuvomereza.

Kwathu kuno kunalibe ofesi yolemba anthu a ku migodi. Wofuna Joni ankawolokera ku Likoma, n'kukwera sitima kukatsika tsidya lija, n'kukalembetsa ngati Mmalawi. Unkabwereka dzina la mudzi ndi dzina la mfumu, n'kumaloweza m'njira ngati katekisimu. Kalaliki akafunsa, iwe kuyankha osaphethira. Chilankhulo n'chimodzi, akanatigwira bwanji? Ndinapita ndi Saidi wa ku Nkholongue, amene tinkakoka naye khoka limodzi tili anyamata. Ine Mkhristu, iye Msilamu. Ine wolongolola, iye mawu ake ochita kuwerenga. Anativula tonse, dokotala n'kumatigogoda pachifuwa ngati akugula mavwende. Kenako ndege. Inde, ndege ndinakwera ine, pamene ambiri a inu mukuionerabe m'mwamba mpaka lero.

Komponi, malo amene ankatisungako ife a mumgodi, inali khola la njerwa la chipata chimodzi. Mabedi a simenti, wina pamwamba pa mnzake ngati mashelefu a sitolo, mbaula ya malasha pakati, utsi, fungo la majombo. Amuna okhaokha. Nsomba ankatipatsa mwa apo ndi apo, koma nsomba yake! Yoyera ngati sopo, yopanda mutu. Munthu wa kunyanja kumupatsa nsomba yopanda mutu, si chipongwe chimenecho? Saidi nyama sankadya, poti sankadziwa amene wazinga, ndiye ine ndinkadya yake, iye n'kudya nyemba zanga. Tinakhala choncho kontrakiti yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Wina akamabwerera kumudzi tinkamupatsira katundu: mabulangete, nsalu, njinga yomasulamasula. Ine ndinatumiza mpaka makina osokera, oyamba mbali ya kwathu, afunseni akale.

Pakomponipo mtundu uliwonse unali ndi nduna yake, yoikidwa ndi kampani. Nduna ya ife Anyasa anali Che Bwanali a ku Chiwanga. Munthu wonenepa, wa yunifolomu ya khaki yosita, ndodo m'khwapa. Pansi anasiya kutsika kalekale, m'manja mwake munali mofewa ngati mwa mkazi wa mkulu wa boma. Iye ndiye ankatiwerengera makalata, iye ndiye ankadziwa kuti Mmalawi weniweni ndi uti, wobwereka mudzi ndi uti. Ndipo kwa Saidi sanali nduna chabe. Mkazi wa Saidi anali mwana wa mlongo wake, ndipo pa ukwati wawo nkhoswe anali iyeyo. Saidi akamuona akubwera ankaimirira, ngakhale ali pakati pa kudya. Ankamutchula mjomba, ndiye kuti amalume.

Tsopano mumve mmene timachitira kwathu kuno, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Mnyamata akayambana ndi mwini khoka, kaya khoka lang'ambika pamwala, kaya ayankhana moipa, sapita yekha. Amapita ndi wamkulu wake. Wamkuluyo sakhala pampando, amakhala pansi, kuomba m'manja, n'kuti, "Tabwera kudzagwira mwendo. Mwanayu walakwa." Amanena choncho ngakhale mwanayo sanalakwe. Mawuwo ndi madzi ozimitsira moto chabe. Mwini khoka amakhosomola, n'kuti, "Dzukani akulu, khalani pampando." Apo ndiye nkhani yeniyeni imayamba, ndipo chilungamo chimatuluka, chifukwa munthu amene wagwiridwa mwendo n'kukanabe, mudzi wonse umamuseka. Panyanja pano zimayenda. Ife tinkayesa dziko lonse ndi nyanja ino.

Yuniyoni, imene kuno mumati sindikato, inafika pamgodi wathu ine ndili kale katswiri. Munthu wake pachigawo chathu anali Molefi, Msutu, kamunthu kakafupi, kokhosomolakhosomola, kabuku m'thumba la malaya nthawi zonse. Iye ankatsika pansi ngati ife, ankakankha ngolo. Anzathu Achixhosa ndi Asutu ankalembetsa mwaunyinji. Ife Anyasa ayi. Che Bwanali anatiuza kuti yuniyoni ikalemba dzina lako, azungu amafufuza mapepala ako, ndipo wa mudzi wobwereka amamukweza sitima tsiku lomwelo. Ndani ankakuwa kwambiri kuvomereza zimenezi? Ine. Sindibisa. Ndinkaima pakati pa chipinda n'kumati, "Ife tili ndi akuluakulu athu! Msutu wa kabuku atiphunzitse chiyani, nyanja sanaionepo?" Anthu n'kumaseka, ine n'kumadzimva.

Ntchito ya Saidi pansi inali yolowa patsogolo. Akaphulitsa miyala, m'mawa mwake iye ankalowa woyamba ndi chitsulo chachitali, n'kumagogoda denga. Mwala wolimba umalira nge, nge, mawu akuthwa. Mwala wofuna kugwa umalira bu, bu, ngati ukugogoda bwato lofumbwa. Khutu la Saidi linali lodziwika mgodi wonse. Ine sindinkaika mashini anga pamalo pamene Saidi sanagogode, ngakhale andilonjeze ng'ombe.

Mzungu wa gulu lathu anali kamnyamata kongobwera kumene, kopanda ndevu. Tinkakatchula Kafodya, chifukwa kakakwera kumtunda choyamba chinali ndudu. Sabata imeneyo ntchito yake inali m'mbuyo, akuluakulu ake akumukalipira. Tsiku limenelo Saidi anagogoda, anagogodanso, n'kubwerera chafutambuyo.

"Muno salowa munthu mpaka tichirikize ndi mitengo," anatero.

Tinkalankhula Chifanakalo, chilankhulo cha mumgodi, koma ine ndilemba m'chathu.

"Mitengo ibwera masana. Lowani," anatero Kafodya.

"Masana tidzalowa."

"Iwe ndiwe bwana pano?"

Saidi anapingasa chitsulo chake pakhomo pa malowo, n'kukhala pansi. Ife tonse tinaima kumbuyo kwake. Ine ndinamva ndi makutu anga mwalawo ukulira bu, bu. Kafodya anatulutsa pensulo, n'kulemba nambala imodzi yokha, ya Saidi. Mlandu wake: kukana lamulo la mkulu wa ntchito ndi kuletsa anzake kugwira ntchito. Mlandu wotere ukakugwera, ntchito yatha, ndipo pasipoti yako amaidinda kuti usadzalembedwenso pamgodi uliwonse. Saidi anali ndi ana anayi ku Nkholongue, ndipo kwathu nkhondo inali itayamba kale kununkha.

Masana omwewo tili pamzere wa chakudya, Molefi anabwera.

"Ndamva za mnzako," anandiuza, kenako n'kutembenukira kwa Saidi. "Mlandu wako uli Lachinayi. Adzakufunsa amene ukufuna kuti akuimirire. Unene kuti wa yuniyoni. Ndi ufulu wako, sangakukanize. Zakuti sunalembetse tidzakonza."

Saidi anayang'ana ine. Ndimakumbukira bwino, anayang'ana ine, chifukwa ine ndiye ndinali pakamwa pake kuyambira ku khoka.

"Choka apa ndi kabuku kako," ndinatero, mokweza kuti mzere wonse umve. "Ukufuna umuthire mafuta pamoto? Mzungu akaona iwe, akwiya kawiri. Ife tili ndi Che Bwanali, amadziwa kulankhula ndi azungu iwe usanabadwe."

"Che Bwanali amalandira malipiro kwa ndani?" anafunsa Molefi.

"Si zako!"

Anakhosomola, n'kupita. Ine ndinalandira nyemba zanga ngati munthu amene wapha ng'ona.

Lachinayi tinapita. Ine ndi anzathu awiri tinakhala pabenchi panja ngati mboni, chitseko chili chotsekula chifukwa cha kutentha, ndiye ndinkaona zonse. M'katimo munali manijala wa chigawo, Kafodya, ndi kalaliki wolemba. Manijala anafunsa Saidi amene amuimirire. Saidi anati Che Bwanali. Manijala anawalozera mipando iwiri. Che Bwanali mpando anaukana. Anavula chipewa, n'kugwada pasimenti, thupi lonse lija, yunifolomu yosita ija, n'kuyamba kuomba m'manja.

"Bwana, tabwera kudzagwira mwendo wanu. Mwanayu walakwa. Ndi mwana, nzeru alibe. Inu ndinu bambo, inu ndinu mayi. Mwana akanyera pantchafu sudula ntchafu, bwana."

Mwana! Munthu wa ana anayi, amene khutu lake linasunga miyoyo ya amuna osawerengeka. Koma ine pabenchipo ndinkagwedeza mutu. Ndinagunyuza mnzanga ndi chigongono, ndikuti, wamva kulankhula kwake? Awa ndiye akuluakulu.

Manijala anayang'ana kalaliki, n'kuyang'ana Che Bwanali pansi paja.

"Ndiye kuti mlanduwu akuuvomera?"

"Akuvomera zonse, bwana."

"Iwe," anatero kwa Saidi, "munthu uyu akulankhulira iwe?"

"Inde, bwana."

Kalaliki analemba. Ine ndinakonza kukhosi, podziwa kuti tsopano mzungu akhosomola, anene kuti dzukani akulu, atiitane ife mboni tifotokoze za mwala uja. Che Bwanali nayenso ankadikira zomwezo, mutu uli chopendekera, manja ali pamodzi.

"Wavomera, mboni sizikufunikanso," anatero manijala. Anasaina, anadinda, n'kuuza kalaliki kuti aitane wotsatira.

Basi. Mlandu wonse sunathe nthawi yosenda chinangwa chimodzi. Za mwala palibe anatchula. Che Bwanali anadzuka movutikira, akugwira tebulo, mawondo a buluku ali mbuu. Titatuluka anadzikuntha fumbi, n'kuti, "Mzungu ameneyu ndi wosaleredwa. Wakale uja akanamva." Ndi zokhazo zimene ananena. Wosaleredwa! Iye ankayesa ofesi ya kampani ndi khonde la mwini khoka wa ku Chiwanga, ndipo ine ndinkayesa chimodzimodzi. Kwa ife "walakwa" ndi moni. Kwa iwo ndi mawu olembedwa ndi inki.

Ndinameza malovu owawa tsiku limenelo. Ndinapita kukachipinda ka yuniyoni, kuseri kwa khitchini, ine yemwe uja wa "choka apa". Ndinkayembekezera kuti Molefi andiseka, ndipo ndinali nditakonza kale zomubwezera. Sanaseke, ndipo zimenezo zinandiwawa koposa. Anatulutsa kabuku kaja.

"Munalipo angati? Inali nthawi yanji? Mwalawo unalira bwanji? Mzungu ananena mawu ati enieni?"

Mafunso amene Che Bwanali sanafunse ngakhale limodzi. Mawa lake Molefi anapita kosungira zipangizo, n'kukapeza m'buku lakumeneko kuti masana a tsiku lomwelo mitengo yochirikizira inatulutsidwa kupita pamalo omwe aja, ndipo wosainira anali Kafodya mwini wake. Ndiye kuti kamnyamatako kanadziwa kuti denga ndi loola. Kanachirikiza mwakachetechete, mlandu wa Saidi n'kuusiya uli chiimire.

"Tichita apilo, mlandu upite kwa manijala wamkulu," Molefi anatiuza ine ndi Saidi. "Buku ili ndi lathu. Mboni zilipo. Koma pali pepala ili, likuti wavomera. Pepala silifufutika ndi kukuwa, Wailesi. Lifufutika Saidi akanena ndi pakamwa pake kuti, sindinamutume munthu uyu kuvomera, mawu aja si anga. Akangonena zimenezo, mlandu uyambiranso, ndipo tiwina."

"Nanga mapepala athu?" ndinafunsa motsitsa mawu, mwina koyamba m'moyo wanga. "Ena a ife mudzi ndi wobwereka."

Apo ndiye anaseka mpaka chifuwa chinamugwira.

"Ukuyesa azungu sadziwa? Amadziwa kalekale. Iwo akufuna msana wako, osati mudzi wako. Amene amapindula mukamaopa ndi amene amakusungirani chinsinsicho."

Zaka zonse zija tinkayenda chonyang'ama chifukwa cha chinsinsi chodziwika ndi aliyense. Mxii.

Lamulungu masana Che Bwanali anabwera kuchipinda kwathu. Saidi anaimirira, n'kumupatsa malo pabedi pake, iye n'kukhala pansi.

"Ndamva kuti wapeza mjomba watsopano," anatero Che Bwanali. "Msutu."

"Ayi mjomba, ndi nkhani ya ntchito chabe."

"Ntchito. Ine ndinagwada pasimenti chifukwa cha iwe, pa msinkhu wanga uno. Mawondo akundiwawa mpaka lero. Ndiye mawa ukaime pamaso pa azungu, pamaso pa Msutu, unene kuti Bwanali ndi wabodza?"

"Sindinena kuti wabodza, mjomba. Ndingonena kuti..."

"Pali kusiyana? Ndinakhala pamphasa tsiku la ukwati wako ndine. Mkazi uli nayeyo ndinakupatsa ndine. Ntchito imatha, mwanawe. Onse ali munowa adzabwerera kwawo tsiku lina. Iwe udzabwerera kwa ndani?"

Ine ndinalephera kupirira. "Akulu, mwamuchotsetsa ntchito ndinu, ndiye mukufunanso akuthokozeni?"

"Iwe wa ku mishoni khala chete. Izi n'za banja."

"Banja limadya mawondo anu?"

Anandiyang'ana ngati akuyang'ana galu wolowa mumzikiti, n'kutola ndodo yake, n'kutuluka. Saidi anamuperekeza mpaka panja. Atabwerera ndinamukhazika pansi, n'kuyamba kumuloweza mawu aja, monga tinalowezera midzi yobwereka pasitima. Sindinamutume kuvomera. Mawu aja si anga. Nena! Ananena. Nenanso! Ananenanso. Mawu asanu ndi limodzi okha, mwana wa eskola, kalasi yoyamba, akhoza kuwaloweza akutafuna chimanga.

"Ndamva, Wailesi," anatero. "Ndamva."

Ofesi ya manijala wamkulu inali ndi kapeti. Ulendo uno anatilowetsa tonse. Che Bwanali anamuitananso, anakhala chakukhoma, kunsonga kwa mpando, chipewa pamawondo. Ndipo ndinaona chinthu chimene ndinali ndisanaonepo chibadwire: munthu wakuda, wokankha ngolo, akukoka mpando yekha pamaso pa mzungu wamkulu, n'kukhala, n'kutsamira. Molefi sanaombe m'manja. Sanatchule mzungu bambo kapena mayi. Anatsekula kabuku kake, anaika buku la zipangizo patebulo, n'kuloza ndi chala pamene Kafodya anasaina.

"Ngati denga linali labwino m'mawa, mitengo iyi masana inali ya chiyani?"

Kafodya anafiira mpaka m'makutu. Manijala wamkulu anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo sikunali kuyang'ana kwa chikondi. Kenako anandiitana ine. Ndinafotokoza zonse, mpaka ndinagogoda tebulo lake kumusonyeza kulira kwa mwala woola. Anandiuza kawiri kuti nditsitse mawu. Sindinatsitse. Anzathu awiri aja ananenanso zomwezo. Nkhani inali itapsa, ndikukuuzani, inangotsala kuphula.

Manijala ananyamula pepala la mlandu woyamba.

"Zonsezi ndamva. Koma apa palembedwa kuti unavomera mlandu kudzera mwa wokuimirira amene unasankha wekha. Wa yuniyoni akuti sunamutume. Ndikufuna ndimve kwa iwe. Unamutuma munthu uyu kuvomera, kapena ayi?"

Molefi sanamuyang'ane Saidi, ankangoyang'ana kabuku kake. Ine ndinkayendetsa milomo ngati nsomba, kumukumbutsa. Che Bwanali anangosuntha chipewa kuchichotsa pa bondo ili kuchiika pa ili, n'kusisita bondo linalo pang'onopang'ono.

Saidi anayang'ana pa kapeti.

"Akuluwa sanganame, bwana," anatero. "Zimene ananena ndi zomwezo."

Molefi anapempha kuti atuluke naye panja pang'ono. Manijala anati, "Wayankha kale." Ndipo ndinaona nkhope ya mzunguyo ikumasuka, chifukwa Saidi anali atamupulumutsira kamnyamata kake kwaulere.

Ine ndinadzuka. Zimene ndinanena sindingalembe zonse m'kaderno muno, kabuku kanga kano, ena owerenga ndi a mpingo. Ndinatukwana Kafodya, ndinatukwana Che Bwanali ndi mawondo ake, ndinamuuza Saidi m'Chinyanja kuti ana ake adzadya ulemu. Apolisi a komponi anandikoka awiri, wina mkono uwu wina uwu, ine ndikukuwabe mpaka pabwalo.

Molefi anandipeza komweko. Anakhala pambali panga, akupukuta pakamwa.

"Azungu ouma mitu ndalimbana nawo ambiri," anatero. "Koma mjomba mwabwera nayeyu sindimudziwa pomugwira."

Tsiku lomwelo ndinalembetsa yuniyoni. Dzina ndinalemba ndekha, sindinadinde chala. Palibe anafufuza mudzi wanga. Patapita nthawi nanenso anandiitana ku ofesi, ati ndinathyola mashini dala. Ndinapita ndi Molefi, ndinakoka mpando, ndinatsamira. Zinapezeka kuti mashiniwo anali atalembedwa kale kuti ndi owonongeka. Ndinatuluka ndi ntchito yanga, mawondo anga oyera. Anyasa ena ataona choncho anayamba kulembetsa mmodzimmodzi, mobisalira Che Bwanali ngati akupita kwa mkazi wa mwini.

Za kubwerera kwanga ndinene mwachidule, sizikoma. Atasiya kulemba anthu a mapepala a ku Malawi, tonse anatibweza. Mkazi wanga ndinamupeza ku Likoma kumene anathawira nkhondo, ana anga akundiyang'ana ngati wogula nsomba wochokera ku Lichinga. Nyumba ya ku Msumba inali chitsa. Makina osokera aja achimwene anga anati anatengedwa ndi asilikali, koma ndinawapeza akusoka bwinobwino kwa apongozi awo. Abale amene ankandilembera makalata a "bambo wathu" ankandiyang'ana m'manja, ataona kuti mulibe kanthu anayamba kunena kuti ku Joni ndinaphunzirako mwano. Mwano ndinapita nawo, kumeneko ndinangophunzira pouika.

Che Bwanali anabwerako ndi ulemu wake wonse, anafolera nyumba ndi malata, anamwalira ali wokhuta. Pamaliro ake anthu ankati anali pakamwa pa ana a kunyanja ku Joni. Ine sindinapite, ndipo amene anadzandifunsa chifukwa chake sanabwerenso kachiwiri. Saidi alipo. Akuyanika usipa wa eni pa Chiwanga, msana unapindika, khutu lija limene linkamva mwala pano silimva ngakhale moni. Timagwirana chanza. Nkhaniyi sitinaikambepo.

Koma chimene chimandikwiyitsa mpaka lero ndi m'mawa umene Saidi ankanyamuka pamgodi. Basi ya kampani inaima pachipata kutenga ochotsedwa ndi odwala kupita nawo ku siteshoni. Ine ndinamunyamulira thiranki lake lachitsulo, mmene munali zonse za zaka zake za pansi pa nthaka: jekete, nsapato za ana, nsalu za mkazi wake. Ndiye ndikuona Che Bwanali akubwera, yunifolomu yosita, akubanika ndi chimtolo chomanga ndi chingwe.

"Saidi, mwanawe, zachita bwino ndakupeza. Popeza ukupita kumudzi, unditengereko aka, ukawapatse azakhali ako ku Chiwanga. Mabulangete awiri ndi tiziwiya."

Ine ndinayang'ana kumwamba, ndinayang'ana pansi.

"Akulu," ndinatero, "manyazi munawasiya ku Likoma?"

Saidi anapinda bondo pang'ono, n'kulandira mtolowo ndi manja awiri.

"Ponya pansi!" ndinakuwa. "Saidi, ponya pansi chimenecho!"

Dalaivala anatulutsa mutu pawindo, n'kunena kuti malo ndi ochepa, munthu aliyense katundu mmodzi, wotsalayo atsale. Saidi anayang'ana thiranki lake lili paphewa panga. Anayang'ana mtolo uli m'manja mwake.

"Wailesi," anatero, "thirankilo udzandibweretsere ukamadzabwera."

Anakwera. Basi inaliza injini. Che Bwanali anathamangira pawindo, mimba ikugwedezeka, akumenya galasi ndi ndodo yake.

"Uunyamule pamiyendo! Usalole auike pansi pa katundu wa anthu, muli makapu!"